Apongozi ndi Mbewa za M'firiji

Ana anga, maliro a mayi anu atatha, achibale anayala zovala zawo pamphasa kuti agawane monga mwa mwambo. Ine ndinatola chitenje chobiriwira, chakale, chothetheka m'mphepete, n'kulowa nacho kuchipinda. Azakhali anu anang'ung'udza. Inunso mwandifunsa kangapo. Sindinayankhe, chifukwa sindinazolowere kufunsidwa mafunso ndi ana. Ndiyankha pano, kamodzi, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kuseka.

Za ubwana wanga ku Dowa ndilibe nazo mawu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Zotsalazo ndinaphunzira ndi manja.

1973

Ntchito yanga yoyamba inali ku labotale yofufuza matenda a ziweto ku Lilongwe. Anandilemba kuti ndizisamala mbewa zoyera, za maso ofiira, zimene madokotala ankayeserapo matenda ndi katemera. Kapitawo wathu anali a Kaliwo, mkulu wa imvi amene sankabwereza mawu. Tsiku loyamba anandiimika pakati pa makola n'kunena kuti, "Iwe Lefani, tamvera. Izi si ndiwo. Ndikakupeza nayo imodzi m'thumba, ubwerere kwanu ukakumbe zam'munda. Chinanso, usapatse dzina mbewa iliyonse. Chinthu chokhala ndi dzina chimavuta kupha." Malamulo awiriwo ndinawasunga mpaka tsiku la penshoni. Ndinkasintha utuchi, kuthira madzi, kusakaniza gaga ndi nsinjiro ndi ufa wa usipa, kupatula zazikazi zokhala ndi bere. Nthawi yake ikakwana ndinkazithyola khosi mwachangu, osazizunza. Ndinkaidziwa ntchito imeneyo kuposa aliyense pamalopo, ndipo sindikudzitama. Anthu ku Kawale ankaseka kuti bambo wamkulu ndithu amaweta mbewa. Mbewa zomwezo ndi zimene zinamanga nyumba imene munakuliramo.

Ananditumizako kumwera, kenako kumpoto, n'kudzandibweza ku Lilongwe. Kulikonse mayi anu, Nankhoma, ankanditsata, mtolo pamutu, mwana kumbuyo. Ine kutsogolo, iwo m'mbuyo, monga tinaleredwera. Kumpotoko n'kumene ndinadziwana ndi a Msiska, dokotala wa ziweto amene anali atangochoka kumene kusukulu. Anali bwana wanga, koma ankandiitana kuti "Adada," monga aitanira akulu kwawo, ndipo ankagogoda asanalowe m'chipinda cha mbewa. Zoterezi munthu saiwala.

2000

Nditapuma ntchito ndinakhala pakhomo miyezi ingapo, n'kumakangana ndi mayi anu pa zinthu zopanda mutu, monga malo oika tsache. Tsiku lina galimoto inaima pa mpanda pathu. Anali a Msiska, atanenepa, tsitsi litayamba kuthothoka.

"Adada, ndatsegula kachipatala ka agalu ndi amphaka ku Gulliver. Ndikufuna munthu wodziwa kuweta mbewa."

"Agalu a masiku ano akudya mbewa?"

"Bwerani mudzamuone mwini wake wa mbewazo."

Mayi anu anayankha ali kukhitchini, ine ndisanatsegule pakamwa. "Atengeni, adokotala. Ngakhale lero lomwe."

Mwini wake wa mbewazo anali njoka. Inkakhala m'bokosi lagalasi kuseri kwa ofesi. Inali mtundu wa nsato, koma osati zikuluzikulu zam'madambo mwathu. Iyi inali yaing'ono, yotalika kufika m'chiuno mwanga, ya mawanga akuda ndi ofiirira, yopanda ululu. A Msiska anabwera nayo kuchokera kunja kumene anakawonjezera maphunziro, ndi zikalata zake zonse. Inabadwira m'bokosi, thengo sinalidziwe. Khalidwe lake linali lamanyazi. Ikachita mantha sinkaluma, inkangodzikulunga n'kubisa mutu pakati, n'kukhala ngati nkhata imene mayi wataya pachitsime.

Ndinamanga timakola kuseri kwa chipatala n'kuyamba kuweta mbewa zoyera monga kale. Nthawi yodya ikakwana ndinkaponya imodzi yamoyo m'bokosi. Njoka inkatulutsa mutu, lilime lili nyamunyamu, kenako khwapu! Yagwira, yakulunga, yafinya, n'kumeza kuyambira kumutu. Sindinkaikonda, sindinkaida. Inali ntchito. Madzulo ndinkakwera minibasi ziwiri kubwerera ku Kawale, ndipo mayi anu ankandiikira beseni panja kuti ndisambe m'manja ndisanakhudze chitseko chawo.

2002

Chaka chimenechi mukuchikumbuka nokha. Gaga amene ndinkadyetsera mbewa anasanduka chakudya cha anthu. Tsiku lina ndinapeza kathumba kake pachigayo, ndipo potuluka amayi amene anali pamzere anayang'ana thumbalo mpaka ndinakhota. Mmodzi anandifunsa kuti, "Abambo, ana angati kwanu?" Ndikanati chiyani, kuti ndi za mbewa? Mawa lake ndinauza a Msiska kuti sindidzagulanso gaga wa mbewa anthu akugona ndi njala. Sanatsutse. Anati tiphe mbewa zonse, tiziumitse m'kafiriji ka chipatala, njoka iziphunzira kudya zakufa. Ndinazipha ndekha tsiku limodzi, n'kuzikulunga iliyonse m'kajumbo kake.

Njoka inakana. Tinayesa kangapo, inkangonunkhiza n'kubwerera. A Msiska anali ndi nkhawa zambiri masiku amenewo, chifukwa anthu osowa chakudya sabweretsa galu kuchipatala. Anati, "Tiyeni tiipatse khoswe wa mumsampha kamodzi kokha, ipeze mphamvu." Ndinagwira khoswe wamoyo kustolo. Titangomuponya m'bokosi, kunabwera munthu akuthamanga kuti galu wagundidwa ndi galimoto pamsewu. Tinatuluka tonse awiri. Pobwerera tinapeza khoswe atakhala pakona akunyambita zala, njoka itadzikulunga, msana wake utadyedwa malo angapo mpaka mnofu kuonekera, diso limodzi litaphulika. Sinadziteteze. Khoswe wam'nyumba si mbewa yoleredwa pa utuchi, ndipo njoka yamanyazi ikabisa mutu imangopirira.

A Msiska anasoka mabalawo. Atamaliza anakhala pansi n'kunena kuti, "Adada, chamoyo sichidzalowanso m'bokosi ili. Ndi diso limodzi ngakhale mbewa yoyera ingathe kuivulaza. Idzadya zam'firiji kapena sidzadyanso." Mabala anapola, njoka inafundula khungu, zipsera zinatsala zoyera. Koma kudya, ayi.

2003

Mvula ikutha, a Msiska anatseka chipatala. Anapeza ntchito ku Botswana ndipo njoka yodwala sakanawoloka nayo malire. Anandiitana mu ofesi yopanda mipando.

"Pali njira ziwiri, Adada. Kutchire singakhale tsiku limodzi, sidziwa kanthu. Ndikhoza kuibaya jakisoni lero, igone osadzukanso. Kapena wina aisunge, apitirize kuyesa. Ndafunsa anthu ambiri. Akangomva kuti njoka, amadula foni."

"Ingakhale nthawi yaitali bwanji osadya?"

"Mtundu uwu umapirira miyezi yambiri, koma yadya kale mafuta ake. Muziona msana. Ukasongoka ngati denga la nyumba, khungu n'kuyamba kukwinyika m'mbali, ndiye kuti ikuzunzika. Pamenepo woisungayo aitengere kwa mnzanga wina, dokotala wa ziweto wa m'tauni, amalize."

Ndinayang'ana bokosilo. Ndikuuzeni zimene ndinaganiza, chifukwa sindinauzepo munthu. Moyo wanga wonse ndinalera zinthu kuti zife, ndipo ndinkazilera bwino. Panalibe ngakhale chimodzi chimene wina anandipatsa n'kunena kuti ichi chikhale ndi moyo. Ndinati, "Kwezani bokosi ndi firijiyo pagalimoto. Jakisoni wanuyo mupite naye ku Botswana."

Mayi anu anatiwona tikutsitsa firiji ndipo anaimba nthungululu. Zaka zambiri ankalakalaka firiji yoti aziumitsira timadzi totsekemera m'tijumbo, n'kumagulitsa kwa ana asukulu. Anatsegula chitseko chake, n'kupeza mbewa zoyera zitandandalikidwa, zouma gwa, michira ili njo. Anatseka mwakachetechete. Kenako anaona bokosi.

"Bambo a Feliya, chimenecho n'chiyani?"

"Mlendo."

"Adzapita liti?"

"Akadya."

"Ine ndimavala yunifolomu ya amayi a mvano Lachinayi lililonse. Mukufuna Kawale yense anene kuti Nankhoma akuweta njoka yobweretsa ndalama?"

"Akabwera awone nyumba yathu. Njoka yobweretsa ndalama ikanayamba yasintha malata."

Sanaseke. Masiku angapo ankandiikira chakudya osalankhula. Bokosi ndinaliika m'chipinda cha anyamata, popeza Yohane ndi Lemani munali mutachoka kale, ndipo mayi anu analumbira kuti phazi lawo silidzapondamo. Za anthu sindinabise. Ndinaitana aneba, ndinawaonetsa njoka ndi zikalata zake, ndinati amene ali ndi funso afunse ndili pomwepa. Ena anathawa, ena anabweranso ndi ana awo. Mphekesera zinayenda, kenako zinatopa.

Amene anatithandiza anali Che Saidi, mnansi wathu wa ku Mangochi, wogulitsa nsomba mumsika. Magetsi ankazima kawirikawiri, ndipo mbewa ikasungunuka n'kuumanso imawola m'kati. Tsiku loyamba magetsi atachedwa kuyaka ndinapita kwawo kukapempha kuti andisungireko m'firiji yawo yaikulu, imene inkasunga kuzizira nthawi yaitali. Anagwira ndevu.

"A Lefani, ndinu m'bale wanga, koma mbewa m'nyumba mwanga? Pamodzi ndi chambo? Ngakhale makasitomala asadziwe, Mulungu aona."

"Ndamva."

"Simunamve, khalani pansi. Mbewa sizibwera kuno. Koma madzi oundana akhoza kupita kwanu. Madzi alibe chipembedzo."

Kuyambira pamenepo magetsi akazima ndinkapeza chidebe cha madzi oundana pakhomo, chitakwiriridwa ndi utuchi. Sanalandirepo kanthu.

Njira yodyetsera imene a Msiska anandiphunzitsa inali iyi. M'mawa kutulutsa mbewa imodzi, kuimiza ndi jumbo lake m'madzi ozizira mpaka ifewe ngakhale m'mimba mwenimweni. Chakumadzulo kuimiza m'madzi ofunda, osati owira, chifukwa njoka imeneyi ili ndi timabowo pamlomo timene imamvera kutentha kwa thupi la nyama, ndipo chozizira sichiyesa chakudya. Kenako kuipukuta, kuigwira ndi mbaniro yaitali, n'kumaigwedeza pamaso pa njoka kuti ioneke ngati ikuyenda. Ikakana, mbewayo itayidwe, isabwererenso m'firiji. Ndipo osayesa tsiku ndi tsiku, koma kudikira sabata ithe. Ndinachita zonsezi osaphonya. Ndinasunganso kathumba ka utuchi wakale wa m'makola, n'kumapaka mbewayo kuti inunkhe ngati yamoyo. Ndinkachotsa chivundikiro, kuyatsa getsi, kuwerama pamwamba pa bokosi, n'kuyamba kuvinitsa mbewa yakufa. Ine amene sindinavinepo ngakhale pa ukwati wa Feliya. Njoka inkatulutsa lilime kamodzi, kawiri, n'kubweza mutu m'kati mwa nkhata yake. Mbewa inkapita kudzala, ndipo mphaka wa Che Saidi ananenepa mpaka kulephera kukwera mpanda.

Mayi anu anayamba kulankhulako, koma ali pakhomo pa chipinda, phazi lisanadutse. Tsiku lina anabwera kumaliro ku Dedza atanyamula mpani wa mbewa zapamsewu, zowiritsa ndi mchere, zouma bwino.

"Yesani izi. Ndi akapuku enieni, amafuta. Ndani angadye nyama yosathira mchere, yonunkha firiji?"

"Mchere ungaiphe. Imadya yaiwisi, yathunthu, ndi ubweya wake."

"Ndiye yafera ulemu wake womwe." Anakoka mpando, anakhala pakhomo pomwepo, n'kuyamba kudya akapukuwo mmodzimmodzi. "Ione mmene anthu amadyera."

Chisanu chinalowa. Ndinkaika botolo la madzi otentha, lokulunga m'nsanza, pansi pa bokosi kuti isazizidwe. M'mawa wina ndinapeza botolo likadali lotentha, pamene ine ndinali ndisanalisinthe. Ndinayang'ana mayi anu. Anali kusesa pabwalo ngati munthu wosadziwa kanthu. Sindinafunse.

Mbewa za m'firiji zinkachepa, njoka inkachepanso. Kutentha kutayamba, tsiku lina Loweruka ndinaitulutsa kuti ndisinthe utuchi. Inali yopepuka ngati lamba. Msana unali utasongoka, khungu litakwinyika m'mbali. Zonse zimene a Msiska ananena zinali m'manja mwanga. Ndinaibwezera, ndinatenga thumba la ufa lopanda kanthu, ndinalikutumula, n'kulipinda pamwamba pa bokosi. Mayi anu anaona.

"Thumbalo n'la chiyani?"

"Lolemba ndipita nayo m'tauni."

"Kukatani?"

"Kukamaliza. Sindisunga chinthu kuti chizunzike."

Kenako anati, "Mawa mutulutse mbewa imodzi. Ndiyese ine."

"Inu? Simunalowemo n'komwe m'chipindamo."

"Ndimakuonerani pakhomo. Mumaima pamwamba pake ngati kapitawo, getsi lili ngwee, maso muli tong'o, mbewa mukuigunditsa pamphuno. Chomaliza chimene chinalowa m'bokosimo chikuyenda chinaidya diso. Inu mukanadya?"

"Ndi mmene adokotala anandiphunzitsira."

"Sindikutsutsa adokotala. Ndikufunsa inu. Mwaiwala kwathu ku Mitundu, muli mkamwini watsopano? Ndinakuikirani chakudya pakhonde, amayi ali pabwalo akusola mtedza. Munakhala mpaka dzuwa kupendeka, mimba ikulira mpaka agalu kutembenuka, osakhudza mbale. Ndinachita kukulowetserani m'nyumba, kutseka chitseko, amayi n'kupita dala kudimba. Nditabwera ndinapeza mwanyambita ndi mbale yomwe."

"Imeneyo inali nkhani ya ulemu."

"Iyinso. Amenewa ndi apongozi. Apongozi sadya wina akuwayang'ana."

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinasungunula mbewa. Dzuwa litapendeka mayi anu anatenthetsa madzi, n'kumayesa pa mkono wawo monga ankayesera phala la ana. Mbewayo anaimiza kumutu nthawi yotalikirapo kuti mutu ufunde kuposa thupi. Ine ndinaipukuta n'kuipaka utuchi. Kenako anavula nsapato, analowa m'chipinda chija koyamba ine ndikuona, anagwada patsogolo pa bokosi n'kuwomba m'manja pang'ono. "Odi, apongozi. Kandiwo n'komweka, mutikhululukire." Anandiuza kuti mbewayo ndiigoneke pakhomo pa mphika wosweka umene njoka inkabisalamo, osaigwedeza. Anamasula chitenje chobiriwira chimene anavala pamwamba, anafunditsa bokosi lonse, anazimitsa getsi, anatseka chitseko.

Ndinakoka mpando kuti ndikhale panja pa chitsekocho.

"Ayi," anatero. "Ndikukudziwani. Musanathe kupuma kawiri mukhala mukusuzumira. Valani jekete, mundiperekeze."

"Kuti?"

"Kulikonse. Amayi anapita kudimba, ife tipita kumsika."

Ana anga, ine ndi mayi anu tinali tisanayendepo popanda kopita. Kuchipatala, kumaliro, kutchalitchi, kudepoti, inde. Koma kungoyenda, ayi. Ndinatuluka pa geti n'kuyamba kuponya miyendo monga mwa masiku onse. Ndinamva mawu kumbuyo. "Bambo a Feliya, mukuthamangira basi iti? Mukafika msanga mubwereranso msanga. Bwererani kuno." Ndinabwerera. Tinayenda mogundana mapewa. Sindinkadziwa poika manja. Che Saidi anali pakhonde pawo akumwa tiyi, ndipo anaimika kapu m'mwamba.

"Eee! A Lefani, mwakwatira wina? Akufanana ndi Nankhoma, koma Nankhoma amayenda kumbuyo."

"Imwani tiyi wanu," ndinatero.

"Amayi, mankhwala amenewo mundigawireko, ndikapatse akazi anga!"

Tinadutsa msika wa Kawale, tinatsika mpaka ku Biwi. Mayi anu anagula chinangwa chootcha, anachinyema pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu. Ndinadya ndikuyenda, pamsewu, pamaso pa anthu, chinthu chimene ndinkakukwapulirani inu. Anandiuza nkhani zambiri tsiku limenelo. Za mwana wathu woyamba amene tinamuika kumpoto, kuti ankalakalaka kukaona manda ake. Za mmene ankaopera sitima ulendo wathu woyamba wa kumwera. Zina ndinali ndisanazimvepo, ngakhale tinali titakhala limodzi kuyambira ndili mnyamata. Ndinkamvera, koma theka la mutu wanga linali m'bokosi.

Titabwerera ndinalunjika kuchitseko. Anandigwira jekete. "Mpaka mawa. Mlendo safunsidwa ngati wakhuta akadali kutafuna."

Lolemba kutacha ndinalowa. Thumba la ufa linali pomwe ndinalisiya. Ndinakweza ngodya ya chitenje. Mbewa panalibe. Ndinafufuza m'utuchi, kuseri kwa mbale ya madzi, paliponse. Kenako ndinakweza mphika. Njoka inali itatambasuka, pakati pa thupi lake pali chotupa ngati mbatata. Mayi anu anafika kumbuyo kwanga, anasuzumira, n'kunena kuti, "Apongozi adya." Anatola thumba lija, analikutumulanso, n'kupita nalo kukhitchini. "Ili ndi la ufa," anatero.

A Kaliwo ananena zoona. Kuyambira tsiku limenelo dzina linakhazikika, ndipo ngakhale akanakananso kudya sindikanatha kuwanyamula kupita nawo m'tauni.

2004 mpaka 2008

Sikuti zinangoyenda bwino nthawi yomweyo. Ulendo wotsatira anakana, wina anadya, wina anakana. Nthawi yofundula ndi ya chisanu ankadumphitsa. Koma msana unabwerera, khungu linawala. Gaga atayambanso kupezeka ndinamanga timakola kuseri kwa nyumba, ndinkapha ndekha n'kuumitsa. Chamoyo sichinalowenso m'bokosi. Firiji ija sinaonepo timadzi totsekemera, ndipo mayi anu ankandikumbutsa zimenezi alendo akabwera. "Ena amagulitsa zoziziritsa kukhosi, ine ndimasunga maliro a mbewa."

Lamulungu lililonse lodyetsa, mwambo unali womwewo. Madzi ofunda, kuyesa pa mkono, kuwomba m'manja, chitenje chobiriwira, jekete, msewu. Patapita nthawi ndinadziwa ndithu kuti Apongozi azolowera, ndipo akanadya ngakhale ife tili pabalaza. Mayi anunso ankadziwa. Palibe amene ananena. Sabata imene sinali yodyetsa, iwo ankati, "Tiyeni tiwapatse mpata apume," n'kufunditsa chitenje pa bokosi lopanda mbewa, ife n'kutuluka. Tinafika ku Mchesi, tinafika ku Chilinde, tinadziwa amene amaotcha chimanga chabwino ndi amene amagulitsa chadzulo. Miyendo yawo itayamba kutupa tinkangofika kumsika n'kukhala pa benchi ya Che Saidi. Kenako tinkangofika pa geti. Lamulungu lomaliza asanagonekedwe kuchipatala anandituma kuti ndiwabweretsere mbewa pabedi, aiyese kutentha. Anati, "Yazizira kumutu. Mukachita ulesi ine kulibe, ndidzamva."

2009

Zotsalazo mukuzidziwa. Munakhala pansi n'kugwirizana kuti sindingakhale ndekha ku Kawale, ndipo ndinasamukira kuno ku Area 25 kwa Yohane. Nyumba ndi ya lendi, muli ana aang'ono, njoka sikanabwera. Sindinakangane nanu. A Msiska anali atabwerera kuno kuchokera ku Botswana, ndipo anadzatenga Apongozi ndi bokosi ndi firiji. Anapempha chitenje kuti apite nacho. Ndinati agule chawo. Ndimamva kuti ali bwino, ndi onenepa, ndipo masiku ano amalanda mbewa pa mbaniro anthu akuonerera.

Kuno sindisowa kanthu. Amake Tadala, mkazi wa Yohane, ndi mwana woleredwa bwino. Amagogoda, amagwada, amaika chakudya patebulo, amafunditsa kansalu, amatuluka, n'kutseka chitseko. Ana amawaletsa kulowa kuti agogo adye mwaufulu. Ndi ulemu umene ine ndemwe ndinakuphunzitsani, ndipo palibe amene walakwa. Koma mbale zimabwerera zitangotsinidwa, ndipo ndamva mukunong'onezana zopita nane kuchipatala. Musataye nthawi. Sindikudwala.

Lamulungu dzuwa likapendeka ndimatulutsa chitenje chija n'kuchiyala pa mawondo. Chimanunkhabe utuchi pang'ono. Miyendo ikadali ndi mphamvu, msewu wa Kanengo uli pomwepa, koma munthu sayenda yekha popanda kopita, anthu angati wasokonezeka.

Ndiye mwamva za chitenje. Tsopano mumve ichi, chifukwa pakamwa sindingachinene. Njira ya mayi anu inali ya njoka. Ine si njoka. Mawa mukabweretsa chakudya, chitseko muchisiye chotsegula. Tadala abwere ndi mbale yake, akhale apa, ngakhale atayire pansi. Ndipo Lamulungu mmodzi wa inu avale nsapato. Ndidzayenda pang'onopang'ono, ndinaphunzira.